Mutu 5: Kobiri la Njovu Ziwiri

1. Chitini cha agogo

Mu Nkhata Bay monse munalibe munthu wokayikira anzake ngati a Zacharia Mphande. Bambo amenewa, abale, ankatsekera wailesi m'sutikesi akamapita kukasamba. Akagula shuga ankalemba mzere pabotolo ndi pensulo. Ngakhale kutchalitchi, kumene anali mkulu wa mpingo, ambulera yawo inkakhala pamiyendo mpaka pa Amen.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankalowa kuchipinda kwawo osafunsidwa mafunso. Ameneyu anali mdzukulu wawo Tryphena, mtsikana wa Fomu 2. Iye ankakhala ndi agogo akewo ku Chikale chimwalirireni mayi ake.

Chaka chimenecho cha 2007, ndalama zachitsulo za K5 ndi K10 zinali zitangoyamba kuoneka m'manja mwa anthu. Tsiku lina mphunzitsi wawo, a Longwe, anafunsa kalasi kuti ndani anagulapo chinthu ndi tambala imodzi. Ana onse anafa nacho chiseko.

"Sekani, koma matambala zana limodzi ndiwo abala kwacha," anatero a Longwe. "Ndalama ya dziko lililonse ili ndi tiana take. Lachisanu aliyense abwere ndi kandalama kakang'ono ka dziko lina, tidzaone."

Tryphena anakapempha chitini cha agogo ake chosungiramo ndalama zakale. Lolemba anakana. Lachiwiri anakananso, nafunsa ngati a Longwewo ali ndi satifiketi yeniyeni. Koma Lachinayi masana anamuitana, natseka chitseko ndi zenera, nayala mpango woyera patebulo. Kenaka anatsanula chitini chakale cha bisiketi.

"Khala apo, usakhudze," anatero. "Aka ndi ngwee ka ku Zambia. Ndinakatenga ku Kitwe ndili kalaliki wa sitolo. Ngwee zana ndi kwacha ya kumeneko. Aka ndi thebe ka ku Botswana, mwana wa pula. Aka ndi senti ka ku Joni, aka senti ka ku Tanzania, aka sentavo ka ku Mozambiki. Aka paisa anandipatsa mmwenye wina ku Bulawayo. Tsono aka kakang'onong'onoka ndi tiki, makobiri atatu. Nthawi yathu sitinkawerenga ndi zana ngati inu aulesi. Makobiri khumi ndi awiri ndiwo anali sheleni, masheleni makumi awiri ndiwo paundi. Wopanda mutu ankaberedwa masana dzuwa likuswa mtengo."

Pomalizira anatulutsa kobiri lofiirira, lobooka pakati, lomangidwa pa chingwe chakuda. Mbali imodzi linali ndi njovu ziwiri zitaimirira ndi miyendo yakumbuyo.

"Ili ndilo mwini chitini. Tsiku limene ine ndi mng'ono wanga Levi tinkanyamuka, mu 1958, ama athu anatiimika pakhomo. Ine anandimangirira kobiri ili m'khosi, Levi anam'mangirira theka la kobiri. Anati, 'Iyi si ndalama yodyera. Ndi yobwera nayo. Muvutike bwanji, mudzandionetse ili m'khosi.' Ine ndinagona ndi njala ku Bulawayo masiku awiri, kobiri lili pachifuwa, buledi akununkhira tsidya la msewu. Sindinalimasule. Levi lake anagulira ndudu sabata yoyamba, nati adzapeza lina. Mpaka lero Levi ndi mtchona, ngakhale manda ake sitiwadziwa."

A Zacharia anabwezera zonse m'chitini muja.

"Tsono tamvera. Chitini ichi chipite m'manja mwako, chibwere m'manja mwako. Mnzako asanyamule. Mphunzitsi aone ndi maso. Ndipo pa depoti usaime. Munthu akakuuza kuti kanthu kako kachabe ndi ka mtengo wapatali, dziwa kuti waona kale pokugwirira. Wogula weniweni amanyoza katundu, wakuba ndiye amayamikira. Ine ndayenda, mwana iwe, ndaberedwa ndi anthu ovala mataye. Wamva?"

"Ndamva, agogo."

Kumva anamvadi. Makutu a ana a sukulu timawadziwa, mawu amalowera uku n'kutulukira uko.

2. Pa depoti

Lachisanu Tryphena ndiye anali mfumukazi ya kalasi. Ena anabwera ndi tindalama timene alendo oyera amasiya m'malo ogona a ku Mwaya, koma chitini cha a Zacharia chinaposa onse. A Longwe anakondwa mpaka anaiwala nthawi ya buleki. Anauza ana kuti ku Nigeria kuli kobo, ku Ghana pesewa, ndipo ku Kuwait dinari imodzi imagawidwa m'tizigawo chikwi chimodzi.

Poweruka, Tryphena anatsika ndi mnzake wapamtima Taonga. Makolo a Taonga anachokera ku Mzuzu ndipo anali ndi golosale pafupi ndi msika. Pamtsetse lamba wa nsapato ya Tryphena anaduka.

"Tandigwirira kaye chitinichi," anatero Tryphena.

Taonga anachigwira, mnzakeyo namanga nsapato, nachilandiranso. Sipanathe ngakhale mphindi ziwiri.

Njira yawo inkadutsa pa depoti, ndipo chitini chinkalira chekechere chekechere. Mnyamata wina amene anatsamira minibasi anatembenuka. Anali Wonderful, wa magalasi akuda ndi mafoni awiri m'manja. Ntchito yake yeniyeni panalibe ankaidziwa. Lero aitanira minibasi, mawa agulitsa malamba, mkuja kulibe.

"Asisi, mwaba chopereka cha kutchalitchi kodi?" anafunsa akuseka.

Taonga anakoka mnzake pamkono, koma Tryphena mutu unali utakula ndi matamando a kusukulu.

"Ndi ndalama za maiko asanu ndi awiri izi, achimwene. Inu simunazionepo."

"Za maiko? Aaa, zimenezo n'zitsulo chabe, ngakhale kubanki salandira. Pokhapokha mukanakhala ndi lija lobooka, la njovu."

"Lilipo!"

Wonderful anavula magalasi. Anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu.

"Musakuwe, asisi. Tiyeni kuseri kwa minibasi."

3. Chikole

Kuseri kuja Tryphena anatsegula chitini. Wonderful analiyang'ana kobiri lija, naliika pakhutu, nalinunkhiza, kenaka anaimba kalikhweru.

"Shuwa, ndi lomweli. Mukudziwa chili m'katimu? Atsamunda ankabisamo mankhwala ena odula. Pali bwana wina wa ku Dar es Salaam, wafika dzulo, akugula amenewa. Limodzi K15,000. Ali ndi makina oyezera, ali pa resiti hausi apo. Ndikangomuonetsa, mphindi makumi awiri ndabwera ndi dola yanu."

"Ngati lili la K15,000, bwanji bwanayo osabwera yekha?" anafunsa Taonga.

"Iwe, bwana angabwere pa depoti ndi chikwama cha ndalama? Ukufuna amuphe?"

"Ndiye tipite tonse."

"Salola ana a yunifolomu. Apolisi angamuganizire zina."

Taonga anam'tengera mnzake pambali. "Tryphena, tiye tizipita. Munthu uyu maso ake sakukhazikika. Agogo ako anati chiyani? Ine ama akundidikira kugolosale, tiye ukamwe madzi kwathu."

Anayendadi limodzi mpaka pa golosale. Taonga analowa, Tryphena natsanzika kuti akupita ku Chikale. Koma atafika pamphambano, miyendo inakhotera ku depoti. Pano ndiye pamene mwanayu anandikhumudwitsa ine, chifukwa panalibe anam'kankha.

Wonderful anam'landira ngati mlongo wake. "Ndinadziwa kuti wanzeru ndinu. Mnzanu uja ndi nsanje basi. Onani, kuti musakayike, gwirani foni yangayi ngati chikole. Ndi ya kamera, K20,000. Ndikapanda kubwera ndi yanu. Ndani angathawe n'kusiya foni chifukwa cha kobiri?"

Foniyo inali yasiliva, yopinda, yonyezimira. M'kalasi la Tryphena atsikana awiri okha ndiwo anali ndi foni, ndipo zawozo zinali za tochi. Iye anailandira ndi manja awiri. Inali yolemera bwino.

"Bwanji siikuyaka?"

"Batire latha. Magetsi a kuno mukuwadziwa. Tsono chingwecho chotsani, makina safuna zingwe."

Mfundo ya chingwe inali yolimba, ya zaka zambiri. Tryphena analimbana nayo ndi zikhadabo, kenaka ndi mano, mpaka inamasuka. Chingwe anachibwezera m'chitini. Kobiri analiika m'dzanja la Wonderful.

"Khalani pomwepa, asisi. Musasunthe."

4. Mphindi makumi awiri

Tryphena anakhala pa benchi ya amayi ogulitsa nthochi. Minibasi yoyamba inadzaza n'kunyamuka. Yachiwiri inadzaza n'kunyamuka. Aliyense wa magalasi akuda akatulukira, mtsikanayu ankaimirira, kenaka n'kukhalanso.

Itakwana folo koloko anapita pa resiti hausi paja. Mlonda anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati kulibe mlendo wa ku Tanzania sabata yonseyo. Atabwerera pa depoti anafunsa kondakitala wina.

"Wonderful? Wakwera ya ku Mzuzu kalekale. Anakhala kutsogolo."

Tryphena anadzilimbitsa mtima ndi foni ija. Anapita pa kakontena ka a Weston, bambo amene ankatchaja ndi kukonza mafoni pafupi ndi msika. A Weston anailumikiza kumagetsi. Zii. Anasintha chaja. Zii. Anaiyeza m'dzanja, nakwinya nkhope, natenga kasikuludiraiva.

Chivundikiro chitatseguka, munalibe batire, munalibe mawaya. Munali dongo louma, lotsenderedwa bwinobwino mpaka m'makona.

"Mwana iwe, wagula zingati chimenechi?"



"Wachitatu ndiwe mwezi uno," anatero a Weston. "Wina anapereka simbi yamakala ya amayi ake, ija ya tambala pamwamba, ati muli mankhwala odula. Wina anapereka ndalama zakale za malemu bambo ake. Ine ndakhala pano zaka zisanu ndi chimodzi, bwana wa makinayo sindinamuonepo, ndipo amene analemera nazo sindim'dziwa. Nthawi zonse bwanayo amakhala kuseri kwa khoma, iwe n'kutsala ndi dothi m'manja. Chikomekome cha mkuyu, mwana wanga, m'kati muli nyerere. Pita ukanene kwanu lero lomwe. Chinthu chotere ukachisunga chimakula."

Anam'bwezera foni ija osam'lipiritsa. Tryphena anaiponya m'thumba la siketi, nanyamula chitini, nayamba ulendo wa ku Chikale akulira mosatulutsa mawu. Chitini chinkalirabe ngati kale, moti munthu sakanadziwa kuti mwachoka kanthu.

Kunyumba anapeza agogo ake kulibe, anali kumsonkhano wa akulu a mpingo. Atabwera anali otopa. Anangolandira chitini, nachigwedeza pakhutu, nachitsekera m'sutikesi.

"Zayenda bwino?"

"Eya, agogo."

"Yewo, mwana wanga."

Mpata wonena unali pamenepo. Tryphena anauona, naulola kuti udutse.

5. Chingwe chopanda kanthu

Loweruka m'mawa Tryphena akusesa pakhonde anamva dzina lake. Liwulo silinali laukali. Linali lonjenjemera, ndipo iye anali asanalimvepo chotero.

Anapeza mpango woyera uli patebulo, tindalama tonse tili m'mizere. Ngwee, thebe, masenti, sentavo, paisa, tiki. Pakati panali chingwe chakuda chokha. A Zacharia anali atagwada pansi, akusuzumira kunsi kwa bedi. Anakutumula bulangete, nagwedeza nsapato zawo imodziimodzi, natembenuza chitini kawiri konse.

"Mwina linagwa kusukulu," anatero Tryphena ndi mawu aang'ono.

"Kugwa? Taona apa." Anam'tambasulira chingwe chija. "Sichinaduke ichi. Chamasulidwa. Mfundo iyi anamanga ama anga, ine sindinaikhudzepo. Taona, pali mano apa. Munthu anakhala pansi, nadekha, naluma. A Longwe analigwira?"

"Ayi, anangoona."

"Ana a m'kalasi?"

"Ayi."

"Pa depoti unaima?"

"Ayi, agogo."

Bodzalo linatuluka mosavuta, mpaka mwini wake anadabwa.

"Tsono chitinichi chinachokapo m'manja mwako? Ganiza bwino. Usaope, sindikumenya."

Tryphena anayang'ana pansi. Foni ya dongo inali ikum'lemera m'thumba, chifukwa anasowa poitaya. Akanangoitulutsa n'kuiika patebulo, nkhani ikanathera m'nyumba momwemo.

"Taonga anandigwirira pang'ono," anatero. "Nsapato itaduka."

Sanawonjezere kanthu. Sananene kuti Taonga anaba. Koma kwa munthu ngati a Zacharia, mawu amenewo anali okwanira kumanga nyumba mpaka denga.

"Ehe! Ndinadziwa ine! Mwana wa pagolosale uja? Amene amabwera pano n'kumayang'anayang'ana makatani? Ndinakuuza chiyani za anzako? Bwenzi la m'kalasi limaseka nawe mano, maso ali pa chako. Anthu a malonda aja amadziwa mtengo wa chilichonse. Aona kobiri lakale, aganiza kuti apha makwacha. Iwe ndiwe wofatsa, umayesa aliyense ali ngati iwe. Vuto lako ndi lomwelo."

"Agogo, mwina si iyeyo."

"Usamuikire kumbuyo! Mtima wabwino womwewo ndiwo wakupweteketsa."

A Zacharia anakhala pabedi. Atayambanso kuyankhula, ukali unali utatha, ndipo zimenezi ndizo zinam'pweteka Tryphena koposa.

"Sindinakuuze chinthu chimodzi. Kobiri lija silinalinso langa. Amayi ako akudwala kuchipatala anandipempha. Anati, 'Ada, tsiku limene Tryphena adzachoke pakhomo kupita kusukulu yapamwamba, mudzam'mangirire m'khosi, kuti adzabwere.' Ndinalonjeza. N'chifukwa chake ndinalola kuti upite nalo dzulo, ndimati uyambe kulizolowera. Sanabere ine, mwana wanga. Abera iwe."

Misozi inatsika pamasaya a Tryphena. Agogo ake anam'sisita paphewa, poyesa kuti akulira chifukwa choberedwa. Paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka, koma uyu mwini mkhate sanamuone n'komwe.

6. Pa golosale

A Zacharia anavala jekete la kutchalitchi, natenga ambulera ngakhale kunalibe mtambo. Anakhoma sutikesi, nakhoma chipinda, nakhoma nyumba, nabwereranso kukayesa loko. Chingwe chija anachiika m'dzanja la Tryphena, nalifumbatitsa.

"Sunga. Tibwera nalo lili pomwepo."

Njira yochokera ku Chikale kupita ku boma ndi yokwera ndi kutsika, koma nkhalambayo inkayenda ngati mnyamata. Tryphena ankatsalira m'mbuyo. Kawiri anatsegula pakamwa. Koyamba kunadutsa galimoto. Kachiwiri agogo ake anatembenuka okha.

"Usachite mantha. Ine pa dziko lino ndakayikira azungu, ndakayikira abusa, ndakayikira ndi mng'ono wanga yemwe. Iwe wekha ndiwe sindinakukayikirepo. Ukangonena zimene unaona, basi. Akakana, tipita kwa a hedimasitala Lolemba, achotsedwe sukulu. Akakananso, kupolisi si kutali."

Loweruka m'mawa pamsika pamakhala anthu, ndipo pa golosale panali mzere. Mayi ake a Taonga, a nyaGondwe, anali pakauntala akupima mchere. Taonga anali pambali akulongedza mabotolo m'kireti. Ataona mnzake anamwetulira, nakweza dzanja.

"Monire, ada," anatero a nyaGondwe mwaulemu. "Tikuthandizeni chiyani?"

"Sindinabwere kudzagula, mama. Ndabwera kudzatenga kobiri limene mwana wanu waba."

Mzere wonse unatembenuka. Mchere unatayikira pakauntala. Taonga anaimirira, botolo lili m'manja, kumwetulira kuja kukuzimirira pang'onopang'ono. Tsidya la msewu a Weston anatulutsa mutu pa kakontena kawo, namuzindikira mtsikana wa dzulo uja.

"Kuba? Taonga wanga?" anafunsa a nyaGondwe. "Ada, mawu amenewo ndi aakulu. Mboni yanu ndani?"

A Zacharia anam'gwira Tryphena padzanja, namuimika kutsogolo kwa anthu onse, monyadira.

"Nayi. Mwana uyu sananamepo chibadwire."

Taonga anaika botolo pansi. Sanakuwe, sanalire. Anangomuyang'ana mnzakeyo m'maso.

"Tryphena," anatero, "auze kumene unapita titasiyana."

Dzanja limodzi la Tryphena linali litafumbata chingwe. Linalo linali m'thumba la siketi, pa foni ya dongo. A Weston anali atatseka kakontena kawo ndipo anali akuwoloka msewu.

"Yankhula, mwana wanga," anatero a Zacharia mofatsa. "Anthu akudikira."